Kubwereketsa Munda kwa Opanga Magetsi a Dzuwa: Zofunika Kudziwa Mlimi Asanadinde Chala

Nkhani yokambidwa pamsonkhano wa mafumu, alangizi ndi atsogoleri a magulu a alimi

  

Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya malo. Makampani opanga magetsi kuchokera ku dzuwa afika kale m'dziko muno, ndipo ena akadali m'njira. Dzuwalo salipira, koma mapanelo awo amafuna pokhala: malo aakulu, osatsetsereka, oyandikana ndi nthambo zikuluzikulu za ESCOM. Malo otere kuno kwathu sakhala opanda mwini. Ndi munda wa chimanga wa mayi wina, ndi busa la ziweto za mudzi, ndi njira ya ana popita kusukulu. Choncho tsiku lina galimoto idzaima pabwalo la amfumu, mudzatsika anthu aulemu onyamula mapu ndi mapepala, ndipo adzapempha malo. Ndikufuna tsikulo lidzakupezeni mukudziwa choyankha.

Maganizo anga ndiwanene pachiyambi pomwe, kuti wina asandimve molakwa. Magetsiwa tikuwafuna, ndipo amene akubwera kudzawapanga tiwalandire ndi manja awiri. Koma mlimi asatayirepo munda. Abwereketse malowo, akhalebe mwini wake, ndipo azilandira ndalama chaka chilichonse kwa nthawi yonse imene kampaniyo ikugulitsa magetsi ochokera pamunda wakewo. Zonse zimene ndinene zatsamira pa mfundo imeneyi.

N'chifukwa chiyani akubwera tsopano?

Kuyambira mu 1966, pamene Nkula anayamba kupanga magetsi, dziko lathu lakhala likudalira mtsinje umodzi. Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa Shire. Madzi a m'nyanja akatsika, monga zinachitikira mu 2016 ndi 2017, magetsi amathimathima usana ndi usiku. Madzi akachuluka mopyola muyeso, mavuto ndi omwewo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Zigayo zinaima, owotcherera zitsulo anakhala manja lende, zipatala zinkayendera majenereta a dizilo wodula. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu 17.5 miliyoni, koma nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi zinali zochepa kwambiri kuposa apa.

Chifukwa cha zimenezi boma linatsegula khomo. Mu 2017 ESCOM inagawidwa, ntchito yopanga magetsi inapita ku EGENCO, ndipo makampani omwe si aboma analimbikitsidwa kupanga magetsi n'kumagulitsa ku ESCOM. Zotsatira zake tikuziona. Ku Salima, m'dera la Gogo Chalo Kalonga, kampani ya JCM Power ndi anzake anatsegula mu 2021 malo opangira mamegawati 60 kuchokera ku dzuwa. Ku Golomoti m'boma la Dedza anatsegula mu 2022 malo ena a mamegawati 20, okhala ndi mabatire akuluakulu osungira magetsi. Ku Nkhotakota kampani ya Serengeti Energy inamanga ena a mamegawati 21. Pa nthawi imene Kapichira anali atagona, magetsi a ku Salima anatigwira mkono masana. Zimenezi ndi zabwino, ndipo tikufuna zichuluke.

Koma taonani malo amene anasankhidwa. Ku Salima ndi kufupi ndi Nanjoka, pamene pali malo ogawira magetsi a ESCOM. Ku Golomoti nakonso malo ogawira magetsi ali pafupi. Sizinangochitika mwangozi. Kilomita iliyonse ya nthambo zamphamvu imadya ndalama zambiri, ndipo malo otsetsereka amafuna kusalaza ndi makina. Megawati imodzi ya sola imafuna malo pafupifupi mahekitala awiri, kotero ntchito ya mamegawati 60 imadya mahekitala oposa 100. M'dziko limene mabanja ambiri amalima malo osakwana hekitala imodzi, amenewo ndi makomo ambirimbiri. Apa ndiye pali chinthu choti mugwiritse: munda wanu ukasankhidwa, wasankhidwa chifukwa malo onga amenewo ndi osowa. Kampaniyo siingangonyamuka mawa kupita kwina. Musalowe m'zokambirana ngati anthu opempha thandizo, poti muli ndi chinthu chimene iwo akuchifuna.

Malo akachoka, kubwerera n'kovuta

Ife a Malawi nkhani ya malo siyachilendo, ndipo zipsera zake tili nazo. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapatsa azungu zikalata zotsimikizira kuti malo aakulu a ku Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje ndi awo, ponena kuti anagula kwa mafumu. Mafumu ambiri analandira nsalu, mikanda ndi mfuti, mumtima akuti alola mlendo kukhala, pamene mlendoyo papepala analemba kuti wagula. Ana a eni nthaka anayamba kugwira thangata pamalo a makolo awo, ndipo mkwiyo wake unaphulika mu 1915 pa nkhondo ya John Chilembwe. Mpaka lero ku Thyolo ndi ku Mulanje anthu akulima timinda topanikizika m'mphepete mwa minda ya tiyi. Titalandira ufulu, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, malo ambiri a makolo ku Kasungu, Mchinji ndi madera ena anasandutsidwa maesiteti a fodya a lizi. Fodya atavuta, maesiteti ena anangosanduka tchire, koma mudzi sunathe kungobwereramo, chifukwa papepala malowo sanalinso a mudzi.

Sindikuyerekeza makampani a magetsi ndi atsamunda. Nthawi inasintha, malamulo alipo, ndipo ambiri mwa makampaniwa amafuna kuchita zinthu mwachilungamo. Chimene mbiriyi ikutiphunzitsa n'chakuti pepala limakhala zaka zambiri kuposa anthu amene analonjezana pakamwa. Bwana amene akumwetulira lero adzasamutsidwa, amfumu amene akuvomera lero adzagona, koma chimene chalembedwa adzukulu anu adzachipeza chilipo.

Chipukuta misozi ndi lendi

Njira imene yazolowereka kuno ndi iyi. Malo a makolo akafunika pa ntchito yaikulu, akuluakulu a ku Unduna wa za Malo ndi a kwa bwanamkubwa amabwera kudzayeza, kuwerenga mitengo, nyumba ndi mbewu, n'kuika mtengo. Aliyense wokhudzidwa amalandira chipukuta misozi kamodzi. Kenako malowo amachoka m'manja mwa mudzi, ndipo kampani imapatsidwa lizi ndi boma. Ndalama ya chaka ndi chaka ya liziyo imapita kuboma. Mlimi zake zimathera pa tsiku lolandira ndalama lija.

Tsopano taonani mbali ya kampani. Isanakumbe dzenje n'limodzi lomwe, imakhala itasainirana ndi ESCOM pangano logulitsa magetsi kwa zaka zambiri. Ku Salima pangano lake ndi la zaka 20. Mapanelowo amatha kugwira ntchito zaka 25 kapena 30. Mwezi uliwonse kwa zaka zonsezo kampani imalandira ndalama, mabanki amene anaikongoza amalandira zawo, boma limalandira zake. Pa onse okhudzidwa ndi ntchitoyo, munthu yekhayo amene analipidwa kamodzi n'kuiwalika ndi amene anapereka nthaka.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze munda wa ekala imodzi umene umapereka matumba 15 a chimanga pachaka. Pa zaka 20 amenewo ndi matumba 300, tisanawerengere nyemba, maungu, nkhwani ndi mapesi a ziweto. Zaka 20 zikatha mundawo ulipobe, ukudikira ana. Ndalama ya chipukuta misozi ikaikidwa patebulo imaoneka yambiri, chifukwa ambiri a ife sitinagwirepo ndalama yotere nthawi imodzi. Koma dzifunseni: kodi ingagule matumba angati, nanga ingagule munda wina wofanana nawo kufupi ndi kwathu? Mabanja ambiri akalandira ndalama tsiku limodzi n'kuyamba kusaka minda m'midzi yoyandikana, mtengo wa malo umakwera nthawi yomweyo. Ndalama ija imapita ku malata, ku fizi, ku njinga yamoto, ku ngongole zakale ndi kwa abale amene abwera kudzalira mavuto awo. Zonsezi ndi zofunika, ndipo palibe wozitsutsa. Koma pakatha zaka ziwiri kapena zitatu banja lilibe ndalama, lilibenso munda, layamba kuyendera maganyu m'minda ya eni.

Ngakhale wosamala ndalama sapulumuka. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anasunga ndalama zake kubanki anadzuka m'mawa zitachepa mphamvu osazigwira n'komwe. Amene anali ndi ekala yake anadzuka ekalayo ili chimodzimodzi.

Kubwereketsa munda timakudziwa kale. Chaka chilichonse anthu amabwereketsa minda kwa olima fodya kapena soya: mwini munda amalandira lendi, malire amakhala pomwepo, nyengo ikatha munda umabwerera kwa mwini wake. Pempho langa n'lakuti mfundo yomweyo igwirenso ntchito pamene wobwereka ndi kampani yaikulu. Kusiyana kwake n'kwakuti zaka ndi zambiri, choncho panganolo liyenera kulembedwa mosamala kwambiri.

Anzathu achita bwanji?

Ku Britain alimi amabwereketsa minda kwa makampani a sola kwa zaka 30 kapena 40. Malo amakhalabe a mlimi, lendi imakwera motsatira kukwera mitengo kwa zinthu, nkhosa zimadya msipu pansi pa mapanelo, ndipo pangano limanena kuti pomaliza kampani idzachotse zitsulo zake zonse. Wina anena kuti kumeneko ndi kwa anthu olemera, okhala ndi maloya awo. Chabwino, tiyeni tibwere kufupi, ku Kenya.

Ku Kipeto, m'dera la Kajiado, kuli makina 60 opanga magetsi ndi mphepo, otulutsa mamegawati 100, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021. Malowo ndi a Amasai oweta ng'ombe. Kampani sinawagule. Inachita lizi ndi eni ake, ndipo iwo amalandira lendi chaka ndi chaka pamodzi ndi gawo la ndalama za magetsi ochokera ku makina amene ali pamalo pawo. Ng'ombe zikudyabe msipu pakati pa makinawo. Kuwonjezera apo, bungwe loimira anthu a m'deralo linapatsidwa masheya 5 pa 100 alionse a kampaniyo. Zokambirana zinatenga zaka, koma zinatheka, ndipo chimodzi chimene chinathandiza n'chakuti eni malowo anali ndi zikalata za malo awo.

M'dziko lomwelo muli chitsanzo cha mbali inayo. Ku Marsabit kuli ntchito ya Lake Turkana Wind Power, ya mamegawati 310. Kumeneko maekala 150,000 a malo a makolo anaperekedwa, anthu a m'deralo anakasuma kukhoti, ndipo mu 2021 khoti loona za malo ku Meru linagamula kuti zikalata za malowo zinaperekedwa mosatsata malamulo. Ku Kinangop ntchito ina ya mphepo ya mamegawati pafupifupi 60 inathetsedwa mu 2016 chifukwa cha kusamvana ndi eni malo, ndalama zambiri zitalowa kale. Eni makampani amvetse bwino apa: kulambalala eni nthaka kumadula kwambiri kuposa kuwalipira moyenera.

Ku South Africa, kuyambira mu 2011, ndondomeko ya boma yogula magetsi a dzuwa ndi mphepo kwa makampani inaika lamulo lakuti anthu okhala pafupi ndi ntchitoyo akhale ndi masheya osachepera 2.5 peresenti. Boma ndi limene linaika mfundoyo pasadakhale, kotero kampani iliyonse yopikisana nawo inkaiwerengera m'mitengo yake kuyambira pachiyambi.

Kwathu kunonso tili ndi poyambira. Ku Chikwawa alimi a kopaletivu ya Phata anaphatikiza timinda tawo kukhala munda umodzi waukulu wa nzimbe wothirira. Gawo la aliyense linayezedwa n'kulembedwa, ndipo phindu amagawana molingana ndi malo amene munthu anapereka. Kumeneko ndi nzimbe, koma njira yake ingagwirenso pa magetsi. Kampani ikadandaula kuti singasainirane ndi mabanja ambirimbiri payekhapayekha, yankho ndi limeneli: eni minda apange gulu limodzi lolembetsedwa, gululo lisainirane ndi kampani, lendi igawidwe molingana ndi ekala, umwini wa aliyense usafufutike.

Mwini malo ndani?

Malamulo akuluakulu a dziko lino, mu ndime 28, amati munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa. Ndime 44 imati boma lingatenge katundu wa munthu pokhapokha pa ntchito yothandiza anthu onse, litamudziwitsa mokwanira ndi kumulipira moyenera, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wokadandaula kukhoti. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, limalola munthu, banja kapena gulu kulembetsa malo awo m'kaundula n'kulandira satifiketi. Lamulo lomweli linakhazikitsa komiti ya malo pa gulupu aliyense: wapampando ndi agulupu, ndipo pali anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Mikangano ili ndi bwalo lake kwa Gogo Chalo. Tanthauzo la zonsezi n'lakuti malo a anthu sangaperekedwe ndi munthu mmodzi m'chipinda chotseka. Ndikunena izi ndi ulemu wonse kwa mafumu athu: mfumu ndi msungi wa malo m'malo mwa anthu ake, ndipo lamuloli likutetezanso inu, kuti mawa wina asadzakulozeni chala.

Choncho ntchito yoyamba, galimoto ija isanafike, ndi kulembetsa malo. Munthu amene ali ndi satifiketi amakambirana ataima pa chake. Amene alibe amangodikira kumva mtengo umene ena amuikira.

Polembetsapo tisamale dzina lolembedwa. Ku Salima, ku Dedza ndi madera ambiri a pakati ndi kumwera munda umayenda ndi mbumba. Ndi wa amayi, anaulandira kwa amayi awo, adzausiyira ana awo. Mkamwini amalimapo koma si wake. Koma olemba maina akafika amafunsa kuti mutu wa banja ndani, ndipo dzina la bambo ndi limene limalowa m'buku. Ukwati ukatha, ndalama yapita ndi mkamwini, munda wa mbumba wapita ndi kampani, mayi ndi ana atsala m'manja muli mbee. Kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, kumene malo amayenda ndi abambo, amene amaiwalika ndi mayi wamasiye, alamu ake akalowererapo. Dzina la mwini weniweni lilembedwe, lendi ilowe mu akaunti yake, ndipo mwini mbumba akhalepo monga mboni, osati wolandira.

Palinso anthu amene maina awo saoneka pa mapu alionse: wobwereka munda chaka ndi chaka, wodyetsa ziweto padambo, mayi wotola nkhuni ndi kumweta udzu, wamaganyu amene ankadalira minda imeneyo. Mpanda ukazungulira malowo, onsewa atayapo kanthu. Mabungwe amene amakongoza ndalama makampaniwa, monga IFC ya Banki ya Dziko Lonse ndi FMO ya ku Netherlands, amatsata malamulo okhwima pa nkhani imeneyi. Amati wotaya malo alipidwe ndalama yokwanira kupezera ena ofanana nawo, amati munthu wodalira nthaka ndi bwino apatsidwe malo ena m'malo mwa ndalama, amati ngakhale wopanda chikalata athandizidwe kubwezeretsa njira yake yopezera chakudya, ndipo amati pakhale podandaulira. Choncho funsani alendowo poyera kuti ndalama zawo zikuchokera kuti, chifukwa wokongozayo ndi khomo lina loti mungagogodepo. Dziwaninso kuti lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu isanayambe pachitike kafukufuku wa mmene ikhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo bungwe la MEPA livomereze. Ku misonkhano ya kafukufukuyo musamapite kukangolembetsa dzina ndi kumwa zoziziritsa kukhosi. Ndi pamene nkhawa zanu zimalowa m'buku.

Zoyenera kulembedwa m'pangano

Safunsa anadya phula. Nazi mfundo zimene ndikupempha kuti muzifunse, ndipo zonse zilembedwe.

Choyamba ndi nthawi. Pangano linene tsiku loyamba, tsiku lotha, ndi kuti malowo adzabwerera kwa yani. Samalani ndi zaka zodikira. Kampani imayamba yagwira malo, kenako n'kumakasaka chilolezo ku MERA, pangano ku ESCOM ndi ngongole kumabanki. Zimenezi zimatenga zaka, ndipo ntchito zina zimafera m'njira. Pa nthawi yodikirayo muzilipidwa, muzilimabe mpaka makina atafika, ndipo ntchito ikapanda kuyamba pa zaka zimene mwagwirizana, panganolo lithe lokha.

Chachiwiri ndi lendi yosaima malo amodzi. Ndalama imene ikuoneka yabwino chaka chino idzakhala yogulira mchere pakatha zaka 10. Mitengo ya magetsi m'mapangano ambiri otere imawerengedwa potsatira dola, choncho kampani inadziteteza kale ku kugwa kwa kwacha. Nanunso dzitetezeni. Lendi imangiriridwe ku dola, kapena ku kukwera mitengo kwa zinthu, kapena ku mtengo wa matumba a chimanga, kapena ikhale gawo la ndalama zimene kampani ikupeza. Amene akufuna ndalama yambiri poyamba kuti amange nyumba angathe kulandira lendi ya zaka zingapo pasadakhale, bola umwini usachoke.

Chachitatu ndi malire. Kampani itenge malo okhawo amene ikuwafunadi, ndipo minda ya chonde ndi madimba zikhale zomalizira kuganiziridwa ngati pali malo ena a miyala kapena oguga. Njira ya kuchitsime, ya kusukulu ndi ya ziweto ilembedwe pa mapu. Manda asakhudzidwe. Pamene padutse nthambo ndi msewu palipiridwe padera.

Chachinayi ndi nthaka ndi madzi. Makina osalaza akakokolola dothi lapamwamba n'kulitaya, mudzabwezeredwa munda wosabereka. Dothilo lisungidwe. Madzi a mvula otsika pa mapanelo akonzeredwe ngalande kuti asakagumule minda ya kumunsi. Funsani kuti udzu azithana nawo bwanji, ndi zikwanje kapena ndi mankhwala, ndiponso madzi otsukira mapanelo azitunga kuti, kuti mjigo wa mudzi usaume.

Chachisanu ndi kulima kapena kuweta pansi pa mapanelo. Ku Isinya, m'dera lomwe lija la Kajiado, akatswiri a University of Sheffield ndi anzawo a ku Kenya anayesa kulima kabichi ndi ndiwo zina pansi pa mapanelo okwezedwa m'mwamba, ndipo anapeza kuti mthunziwo umasunga chinyezi ndipo mbewu zina zimakula bwino. Nkhosa zimagwirizana ndi malo a sola chifukwa zimachepetsa udzu; mbuzi ayi, poti zimakwera pa mapanelo ndi kutafuna nthambo. Koma zonsezi zimafuna kugwirizana ntchito isanamangidwe, chifukwa kutalika kwa zitsulo ndi mipata yake zimakonzedwa pachiyambi.

Chachisanu ndi chimodzi ndi malonjezo a ntchito ndi magetsi. Pomanga pamafunika anthu ambiri kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Ntchito ikatha amatsala ochepa: alonda, otchetcha, otsuka mapanelo ndi amisiri owerengeka. Musasinthanitse munda wa zaka 25 ndi ganyu ya miyezi ingapo. Za magetsi, dziwani kuti amene amatuluka pamalopo amalowa m'nthambo zamphamvu kwambiri n'kupita kutali, ndipo kampani ilibe chilolezo chongolumikiza nyumba zanu. Kuti mudzi uwale pamafunika thiransifoma, mapolo ndi nthambo zina. Wina akalonjeza magetsi, alembe kuti alipira ndani, afika pati, chaka chiti. Kupanda kutero mudzakhala mukuyatsa tochi kuseri kwa mpanda wa magetsi.

Chachisanu ndi chiwiri ndi za mawa. Makampani amagulitsana. Pangano linene kuti wogula aliyense adzasenza malonjezo onse a woyambayo. Linenenso kuti pomaliza adzazula zitsulo, simenti ndi nthambo ndani, ndipo ndalama yake izisungidwa padera ntchito ikadali kupindula, chifukwa kampani imene yatseka zitseko simungaipezenso.

Pamwamba pa zonsezi, musadinde chala pa tsiku loyamba. Pemphani panganolo m'Chichewa, liwerengedwe pabwalo anthu onse akumva, mukagonere. Mukhale ndi loya wosankha inu. Ndalama yomulipira mungathe kupempha kampani, koma wosankha mukhale inu. Ofesi ya Legal Aid Bureau ndi mabungwe oona za malo aliponso. Wobwera ndi mtima wabwino sadzaopa kudikira mwezi umodzi pa pangano la zaka 25.

Kodi zimenezi sizikweza mtengo wa magetsi?

Ena adzanena kuti lendi ya chaka ndi chaka ikweza mtengo wa magetsi ndi kuthamangitsa amalonda. Funsoli ndi loyenera kuliyankha. Pa ndalama zonse za ntchito ya sola, zambiri zimapita ku mapanelo, makina osinthira mphamvu, mabatire, nthambo ndi chiwongoladzanja cha ngongole. Malo ndi gawo laling'ono. Chimene amalonda amaopa kwambiri ndi ntchito kuima chifukwa cha milandu, mpanda kudulidwa usiku ndi nthambo kubedwa. Mudzi umene ukulandira lendi chaka ndi chaka umateteza malowo, chifukwa ntchitoyo ikaima nawonso ndalama yawo yaima. Ndipo ngati dziko lonse likufuna magetsi, dziko lonse ligawane mtengo wake; si chilungamo kuti mabanja ochepa a kumudzi ausenze okha popereka minda yawo motchipa.

Pempho langa

Kwa boma ndi aphungu athu: ikani njira yomveka bwino yoti eni malo a makolo olembetsedwa azibwereketsa malo awo kwa makampani a magetsi popanda kutaya umwini. Ikani mlingo wochepetsetsa wa lendi ndi wa masheya a anthu a m'deralo, monga anachitira anzathu a ku South Africa, kuti kampani iliyonse idziwiretu. Fulumizitsani kulembetsa malo m'madera oyandikana ndi malo ogawira magetsi, poti n'kumene alendowa ayambire kugogoda.

Kwa makampani: bwerani, malo alipo ndipo dzuwa lilipo. Mutitenge ngati anzanu a pa ntchitoyo kwa zaka zonse zimene mukhale pakati pathu.

Kwa mafumu: itanitsani anthu onse pabwalo nkhani ikangofika, amayi ndi achinyamata omwe, ndipo komiti ya malo igwire ntchito yake poyera.

Kwa inu alimi ndi atsogoleri a magulu: pobwerera kwanu kafunseni ngati komiti ya malo ilipo m'dera lanu ndipo ngati amayi atatu aja alimo. Yambani kulembetsa minda. Gwirizanani lero lomwe kuti aliyense wobwera kudzafuna malo adzalankhula ndi gulu lonse, ndipo palibe amene adzasaine payekha usiku. Mukatero, magetsi adzapangidwa pa nthaka yanu, dziko lidzapindula, ndipo ana anu adzalandira lendi ndi munda womwe.